Kuyamba kuika ndalama mu investment trust: poyambira ndi zoyenera kuyang'ana

Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangotha chaka ndi theka chiigwetsereni ndi 25 peresenti mu May 2022. Amene anali ndi ndalama kunsi kwa matiresi kapena mu akaunti wamba ya kubanki sanaberedwe ndi munthu. Powerenga zinali zomwezo. Koma atapita nazo kogula simenti, malata kapena thumba la feteleza, anabwerako ndi katundu wochepa kusiyana ndi amene akanagula miyezi ingapo m'mbuyomo. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi maperesenti oposa 25 pachaka, pomwe chiwongoladzanja cha akaunti yosungira ndalama sichinkafika n'komwe pafupi ndi pamenepo. N'chifukwa chake nkhani ya masheya, imene kale tinkaisiyira mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10, lero ikukambidwa ndi aphunzitsi, anamwino ndi amayi a geni.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuyamba, koma alibe nthawi kapena luso losankhira kampani imodziimodzi. Njira imene tikambe ndi ya investment trust, kampani imene imagula masheya a makampani ambiri m'malo mwanu.

Yambani ndi kudziwa chimene mukuchita ndi ndalamayo

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza. China ndi kusunga: mwaika K200,000 pambali, mawa mukaifuna muipeza ili K200,000 yomweyo. China ndi kubwereketsa. Mukatsekera ndalama mu fixed deposit mwabwereketsa banki, ndipo mukagula Treasury bill ya masiku 91, 182 kapena 364 mwabwereketsa boma. Apa mumadziwiratu tsiku limene ndalamayo idzabwerere ndi chiwongoladzanja chake. Chachitatu ndi kugula gawo la bizinesi n'kukhala mmodzi wa eni ake, ndipo masheya ndi amenewo.

Mukagula masheya a Illovo ndiye kuti minda ya nzimbe ndi mafakitale a ku Nchalo ndi ku Dwangwa muli nawo kagawo, kaya kachepe bwanji. Shuga akayenda malonda, kampani imapatula gawo la phindu n'kugawira eni masheya, imeneyo ndiyo dividendi. Ikamakula, anthu ambiri amafuna masheya ake ndipo mtengo umakwera, moti mukhoza kugulitsa mokwera kuposa mmene munagulira. Koma madzi akasefukira ku Chikwawa n'kuwononga nzimbe, inunso mwaluza nawo. Palibe amene amakulonjezani kalikonse. Mwini bizinesi amadya pomaliza, antchito, boma ndi angongole atatenga kale zawo, ndipo chifukwa cha chomwecho zikayenda bwino ndiye amadya kwambiri.

Musanapereke tambala kwa aliyense, dzifunseni kuti ndalama yanuyo ikukagwira ntchito yanji, ndipo phindu likuchokera m'thumba la ndani. Yankho likakhala lomveka, monga kugulitsa shuga, kubwereketsa ndalama kapena kuchititsa lendi maofesi, pitirizani. Likakhala lakuti mubweretse anzanu atatu ndipo ndalama ichulukana kawiri pamwezi, thawani. Zimenezo zimayenda ndi ndalama za obwera mochedwa, ndipo tsiku lina gulu la pa WhatsApp limangotsekedwa.

Investment trust n'chiyani

Ndi kampani imene ntchito yake yonse ndi kugula ndi kusunga masheya a makampani ena. Sipanga shuga, sigulitsa mayunitsi, ilibe nthambi m'maboma. Anthu anasonkha ndalama poyamba, kampani inawapatsa masheya ake, ndipo akatswiri olembedwa ntchito amagula katundu ndi ndalamazo moyang'aniridwa ndi bodi. Mukagula sheya imodzi ya trust mwagula kachidutswa ka chilichonse chimene ili nacho.

Amene anakhalapo mu banki mkhonde savutika kumvetsa, chifukwa nakonso n'kusonkha kuti ndalama za anthu ambiri zichite zimene za munthu mmodzi sizingathe. Kusiyana kwake n'kwakuti mu trust mulibe tsiku logawana zonse kumapeto kwa chaka. Mpamba umakhala momwemo mpaka kalekale. Wofuna kutuluka sapita kwa msungichuma kukatenga zake, koma amagulitsa malo ake kwa munthu wina pa mtengo umene awiriwo agwirizana pamsika. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa zabwino ndi zovuta zonse za trust zimachokera pamenepa.

Nzeruyi ndi yakale. Trust yoyamba inakhazikitsidwa ku London mu 1868, dzina lake Foreign & Colonial Government Trust, ndipo inkagula ngongole za maboma a mayiko osiyanasiyana pofuna kuti munthu wa ndalama zochepa athe kumwaza chuma chake m'malo ambiri ngati mmene ankachitira olemera. Ilipobe mpaka lero, ikutchedwa F&C Investment Trust. Kuno kwathu tili ndi National Investment Trust, imene aliyense amangoti NITL. Inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2005, patapita zaka zisanu ndi zinayi msikawo utayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO. Ili ndi masheya 135 miliyoni, ndipo chuma chake chachikulu chili m'makampani a pamsika womwewo monga National Bank of Malawi, Standard Bank, Illovo, NICO ndi Press Corporation.

Musaisokoneze ndi unit trust, monga ija ya Old Mutual. Mu unit trust mumapereka ndalama kwa oyendetsa thumbalo, iwo n'kukupangirani magawo atsopano, ndipo potuluka amakuwombolani okha pa mtengo wa katundu wa m'thumbamo. Kutuluka n'kosavuta, koma anthu ambiri akafuna ndalama zawo nthawi imodzi, oyendetsa amakakamizika kugulitsa katundu ngakhale msika uli woipa. Oyendetsa investment trust alibe nkhawa imeneyo, angathe kugwira sheya yabwino zaka khumi osatekeseka. Nkhawa yopeza wogula imagwera inuyo.

Patulani ndalama yoyenera

Apa sindichulutsa mawu. Ndalama ya fizi ya temu ikubwerayi, ya lendi, ya feteleza wa chaka chino, isayandikire ku masheya. Ngongole ya katapila kapena ina iliyonse ya chiwongoladzanja chokwera muyambe mwaibweza, chifukwa palibe sheya imene ingathamange kuposa katapila. Mukhalenso ndi kandalama ka matenda ndi maliro pamalo poti mungakatape tsiku lomwelo, kokwanira kuyendetsa pakhomo miyezi itatu kapena kuposerapo. Yotsala pamenepo, imene mungathe kuiiwala zaka zisanu, ndiyo ya masheya. Kubwereka ndalama kubanki kuti mugulire masheya poti mnzanu wa kuntchito wapindula, ine sindingakulimbikitseni ngakhale pang'ono.

Tsekulani akaunti kwa broker

Simungapite ku Victoria Avenue mu Blantyre n'kukagogoda pa ofesi ya Malawi Stock Exchange kuti akugulitseni masheya pa kauntala. Kugula ndi kugulitsa konse kumadzera kwa broker wovomerezeka, amene ndi kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsika. Odziwika ndi monga Stockbrokers Malawi Limited, Continental Capital ndi Cedar Capital. Chilolezo chawo chimachokera kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo mndandanda wa ovomerezeka umapezeka ku msika wa masheya komweko. Uoneni kaye mndandandawo musanatumize ndalama, ngakhale amene wakulozerani ali mlamu wanu.

Broker adzakupatsani mafomu ndipo adzafuna chiphaso cha unzika, chithunzi, umboni wa kumene mumakhala monga bilu ya madzi kapena ya magetsi, nambala ya akaunti yanu ya kubanki, komanso kudziwa kumene ndalama zanu zimachokera. Funso lomalizali ena limawapsetsa mtima, koma ndi lamulo loletsa kubisa ndalama zakuba, amafunsa aliyense. Kenako adzakutsekulirani akaunti ya CSD, kumene masheya anu amalembedwa pa kompyuta m'dzina lanu m'malo mwa masatifiketi apepala a kale aja. Nambala ya CSD muisunge bwino. Dzina la pa fomu lifanane ndendende ndi la pa chiphaso ndi la kubanki. Wina pa chiphaso ndi Chikondi, kubanki ndi Chiko, pa fomu walemba dzina la kwa mwamuna, ndiye dividendi ikasochera amayamba kuloza anthu zala.

Muli pomwepo funsani zinthu zitatu: ndalama yochepetsetsa imene mungayambire, komishoni ndi zolipira zina pogula ndi pogulitsa, ndiponso msonkho umene ulipo pakali pano pa dividendi ndi pa phindu la pogulitsa. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, choncho mufunse chaka chilichonse. Ndalama yogulira muitumize ku akaunti ya kampani ya broker, osati ya munthu kapena pa nambala ya foni ya wantchito.

Yang'anani mitengo iwiri, osati umodzi

Pano ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri amadumphapo.

Sheya ya trust ili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa pamsika, umene mumauona m'nyuzipepala kapena pa lipoti la broker. Wachiwiri ndi mtengo wa katundu amene waima kumbuyo kwa sheya iliyonse, umene m'malipoti amaulemba kuti NAV. Kapezedwe kake n'kosavuta. Tiyerekeze kuti trust ina ili ndi masheya a makampani ndi ndalama kubanki zokwana K52 biliyoni, ndipo ngongole ndi msonkho umene ikuyenera kulipira ndi K2 biliyoni. Zotsala ndi K50 biliyoni. Ngati masheya ake alipo 100 miliyoni, sheya iliyonse yaimira katundu wa K500.

Tsopano pitani pamsika. Mukapeza sheyayo ikugulitsidwa K400, ndiye kuti mukugula katundu wa K500 pa K400, motsika ndi 20 peresenti. Mukaipeza pa K650, mukulipira K150 yapamwamba pa katundu amene mukanatha kumugula nokha pamsika womwewo pa K500. Zoterezi zimachitika chifukwa masheya a trust ndi owerengeka. Ofuna akachuluka mtengo umadumpha kuposa katundu, akachepa umatsalira m'mbuyo.

Kugula motsika n'kwabwino, koma musathamange. Mtengo ukhoza kukhala pansi pa NAV zaka zambiri, ndipo tsiku logulitsa nanunso mudzagulitsa motsika. Chimene mumapindula ndithu n'chakuti dividendi ya katundu wa K500 mukuilandira mutalipira K400 yokha. Kugula mokwera kwambiri ndiye koopsa, chifukwa mukhoza kuluza ngakhale makampani onse a m'thumbamo akuchita bwino: chidwi cha anthu chikangozizira, K650 ija imabwerera ku K500 popanda chimene chalakwika. M'zaka za 2023 ndi 2024 masheya ambiri pa msika wathu anakwera kwambiri, ndipo nthawi ngati imeneyi ndi imene anthu amagula osafunsa mtengo, poopa kutsalira.

Muonenso tsiku limene NAV inawerengedwa. Ya mu lipoti la December singakuuzeni zoona mu July ngati masheya a mabanki asuntha kwambiri pakatipo. Pemphani broker akupatseni yatsopano.

Mukatsekula lipoti la pachaka, musakomedwe ndi nambala yaikulu ya phindu imene nyuzipepala zimaika pamutu. Phindu la trust lili pawiri. Lina ndi ndalama zenizeni zimene zalowa, kuchokera ku madividendi a makampani ndi chiwongoladzanja. Lina ndi la papepala: masheya amene trust ili nawo akwera mtengo, koma sanagulitsidwe, ndiye palibe ndalama imene yalowa m'thumba. Chaka chimene msika wakwera, phindu la papepalali limakhala lalikulu zedi, koma dividendi yanu imachokera makamaka ku loyamba lija. Anthu amadandaula ku msonkhano wa pachaka kuti kampani yapanga mabiliyoni koma yawagawira zochepa, osadziwa kuti mabiliyoni enawo akhoza kufufutika chaka chamawa msika ukatsika. Fufuzani mzere wa ndalama zolowadi, ndipo muone mmene dividendi yayendera zaka zisanu zapitazo.

M'lipoti lomwelo muli mndandanda wa makampani amene trust yaikamo ndalama. Uwerengeni. Mukapeza kuti gawo lalikulu lili m'mabanki, dziwani kuti chimene chingagwedeze mabanki chigwedezanso inu. Ndipo ngati muli kale ndi masheya a banki imodzi mwa amenewo, kugula trust sikukumwazirani chuma monga mukuganizira. Kunena zoona, msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana makumi awiri, ndipo pafupifupi onse amadalira chuma cha dziko limodzi. Trust imakutetezani kampani imodzi ikagwa. Kusowa kwa ndalama zakunja, chilala kapena kugwa kwa kwacha zimakhudza thumba lonse.

Chomaliza kuona ndi malipiro a oyendetsa thumba, amene amadulidwa chaka ndi chaka kaya zayenda kaya sizinayende, komanso ngati trust ili ndi ngongole. Ma trust ambiri a ku Britain amabwereka ndalama n'kugulira masheya ena. Msika ukakwera phindu limakula, ukatsika kuluza nakonso kumakula.

Gulani

Mukakhutira, lemberani broker kuti mukufuna masheya angati ndiponso mtengo umene simukufuna kupitirira. Mawu oti "ndigulireni pa mtengo uliwonse" ndi oopsa pa msika umene ogulitsa amakhala ochepa. Nthawi zina oda yanu imakhala masiku osapeza wogulitsa, kapena mumapeza theka la amene mumafuna. Musakwiye, ndi mmene msika wathu ulili. Malonda akachitika broker amakutumizirani chikalata chosonyeza tsiku, chiwerengero cha masheya, mtengo ndi zonse zimene adula. Chiwerengeni mzere ndi mzere, ndipo pakapita masiku angapo pemphani sitetimenti ya CSD kuti muone masheyawo ali m'dzina lanu.

Ngati muli ndi K600,000, ine ndingakonde kuti muigawe katatu kapena kanayi n'kumagula miyezi yosiyana, kusiyana n'kuiponya yonse tsiku limodzi. Palibe amene amadziwa tsiku limene mtengo uli pansi penipeni, ngakhale broker amene. Kugula pang'onopang'ono kumachititsa kuti mitengo yokwera ndi yotsika isakanikirane. Kungoti musamagule tating'ono kwambiri, chifukwa komishoni ingadye gawo lalikulu. Wapamalipiro a pamwezi angathe kusonkhanitsa miyezi itatu n'kugula kamodzi.

Abale amene ali ku Britain ali ndi mwayi wosankha pa ma trust ambirimbiri a pa London Stock Exchange, monga F&C ija, Scottish Mortgage imene inayamba mu 1909, kapena City of London Investment Trust imene yakhala ikukweza dividendi chaka chilichonse kuyambira m'ma 1960. Lamulo la kumeneko limalola trust kusungako mpaka 15 peresenti ya ndalama zolowa pachaka, ndiye chaka choipa amatapa m'nkhokwemo kuti dividendi isatsike. Angathe kugula kudzera mu akaunti ya ISA, imene imalola mapaundi 20,000 pachaka popanda msonkho pa phindu. Kayang'anidwe ka mitengo iwiri kaja n'komweko.

Mukagula

Ntchito yaikulu tsopano ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyang'ana mtengo m'mawa uliwonse kumangokweza BP. Kawiri pachaka, zotsatira za theka la chaka ndi za chaka chonse zikatuluka m'nyuzipepala, khalani pansi muone NAV, mtengo wa pamsika, dividendi ndi mndandanda wa makampani. Zikwanira.

Dividendi imalowa mu akaunti yanu ya kubanki msonkho atadula kale. Poyamba idzaoneka yochepa, mwina yongokwana thumba la shuga ndi mafuta ophikira, ndipo chiyeso chongoidya chimakhala chachikulu. Mukaisonkhanitsa n'kugulira masheya ena, chaka chotsatira masheya atsopanowo nawonso amabala, ndipo pakatha zaka khumi kusiyana kwa wodya ndi wobwezera kumaoneka ndi maso. Mukasintha banki, nambala ya foni kapena adiresi, dziwitsani broker sabata yomweyo. Makampani ambiri ali ndi madividendi amene eni ake sanawatenge chifukwa anatseka akaunti kapena anasamuka osanena.

Ku msonkhano wa pachaka wa eni masheya muli ndi ufulu wopita, kufunsa mafunso ndi kuvota, ngakhale masheya anu ali ochepa. Pitaniko kamodzi, mukamve mmene a bodi amayankhira akafunsidwa za malipiro awo.

Uzaninso akunyumba kwanu kapena mwana wamkulu kuti muli ndi masheya, kwa broker uti, ndipo nambala ya CSD ili pati, komanso muwalembe mu wilo. Masheya saoneka ngati nyumba kapena ng'ombe, moti mwini akamwalira osanena, ana amavutika ndi fizi chuma cha bambo awo chili chikhalire pa kompyuta. Ngati makolo anu anagula masheya kale ndipo kunyumba kuli satifiketi yapepala m'sutikesi, pitani nayo kwa broker akuthandizeni kuilowetsa mu CSD, chifukwa popanda kutero singagulitsidwe pamsika.

Pogulitsa njira ndi yomweyo: mumalembera broker chiwerengero ndi mtengo umene simukufuna kutsikirapo, iye n'kufunafuna wogula. Zifukwa zomveka zogulitsira ndi zakuti cholinga chimene munkasungira chafika, mtengo wakwera kwambiri kuposa NAV, kapena kayendetsedwe ka thumba kasintha moti simukukhutira nako. Ngati ndalamayo ikufunika mu January, yambani kugulitsa mu October kapena November, pang'onopang'ono, chifukwa wogula sapezeka tsiku limene inu mwamufuna ndipo malonda akachitika pamapitanso masiku angapo ndalama isanalowe kubanki. Zikalata zonse za pogula zija muzisunge mu fayilo imodzi, chifukwa powerengera phindu ndi msonkho adzafuna kuona mtengo umene munagulira ndi tsiku lake.